Kukatenga a Kaphiri ku Marsabit

Ku Nairobi ndinkakhala ku Donholm, m'kanyumba ka zipinda ziwiri koyang'anana ndi nyumba ya banja la a Kaphiri. Ndinapita kumeneko chapakati pa zaka za m'ma 1990, nditapeza ntchito yoyang'anira magalimoto a bungwe lina lothandiza anthu ovutika. Ndinali ndi dipuloma ya zokonza magalimoto, ndipo kuno kwathu ntchito zinali zitayamba kusowa. Mkazi wanga ndi ana ndinawasiya ku Balaka. Malipiro anga akanatha kusunga banja limodzi mu Nairobi kapena mabanja atatu kumudzi, ndipo abale anga anali atandisankhira kale.

A Kaphiri ndinadziwana nawo m'matatu, minibasi za kumeneko. Kondakitala anandiponda phazi, ine n'kudandaula m'chinenero chathu poganiza kuti palibe angamve. Munthu wina kumbuyo anati, "Pepani achimwene, ndikupepesa m'malo mwake. Kwanu n'kuti?" Anali a ku Ntcheu, mmisiri wokumba mijigo, ndipo ankagwira ntchito ku bungwe laling'ono la mpingo limene linkafunafuna madzi kumpoto kwa Kenya. Ndiwo anandipezera kanyumba kaja. Akazi awo, mayi Nangozo, ndinkawatchula kuti alamu, ndipo Lamulungu lililonse ndinkadya kwawo. A Kaphiri ankatha miyezi ali kumpoto, n'kubwera milomo itang'ambika ndi dzuwa, ali ndi nkhani za ngamila ndi za anthu oyenda tsiku lathunthu kukatunga madzi.

Amalawi amene tinali mu Nairobi tinali osiyana kwambiri. Ena anali akuluakulu a mabungwe a mayiko ambiri, okhala ku Runda m'nyumba za mipanda ndi alonda. Ena tinali ngati ine, okwera matatu. Koma panali chinthu chimodzi chimene tonse tinkagwirizana popanda kukambirana: Mmalawi akamwalira, thupi lake lipite kwawo. Imfa tinkaiopa monga munthu aliyense, koma tinkaopa koposa kuikidwa m'dziko la eni, pamalo pamene mayi ako sangafike.

Uthenga wa maliro unabwera pa wailesi ya bungwe la a Kaphiri. A Kaphiri anadwala malungo ali kutali kuntchito, ndipo anamwalirira pa kachipatala ka mishoni pafupi ndi Marsabit. Tsiku lomwelo tinasonkhana ku Runda kwa a Likongwe, mkulu wa mpingo amene analinso wapampando wa gulu lathu. Ndege yaing'ono imene inkapita kumeneko sinkanyamula bokosi. Galimoto yokhayo ya bungwe la malemuwo inali itathyoka masipuling'i. Ndipo kachipatalako kanalibe malo oziziritsira thupi. Anthu a kumeneko ankafunsa funso limodzi: mukubwera, kapena tiike konkuno?

A Likongwe anali ndi galimoto imene anaigula kwa azungu ena obwerera kwawo. Inali nyumba yoyenda. M'kati munali bedi lopinda, makabati a mbale, chitofu cha gasi, kasinki, ndi thanki ya madzi pansi pake. Ankaitchula kuti Mpumulo, chifukwa ankafuna kudzaiyendetsa mpaka ku Malawi akadzapuma pa ntchito. Chigulire inali isanalawepo fumbi.

"Injiniya," anatero, poti ndi mmene ankanditchulira, "Mpumulo angafike ku Marsabit?"

"Kufika angafike, bambo. Kubwerera n'kumene sindikudziwa."

"Ndiye tikadziwira komweko. Makiyi ndi awa."

Ndinawafotokozera zimene zinkandidetsa nkhawa. Galimotoyo inali yotsika mimba, yolemera, yokoka ndi matayala a kumbuyo okha, ndipo matayalawo anali a msewu wa tala. Koma inali yokhayo imene munkakwana bokosi motetezeka ku dzuwa. Ndinaikamo matayala awiri apadera, jeke, fosholo, pampu, zingwe ndi chigubu cha madzi. Mayi Nangozo anati apita nafe. Mwamwambo pankafunika mayi wina wowaperekeza, koma bokosi likadzalowa malo akanatsala a anthu atatu okha. Amayi a gulu anayesa kuwaletsa. Iwo anangotenga chitenje ndi kukakhala m'galimotomo, n'kumatidikira.

Tala inathera ku Isiolo. Pamenepo panali chipata cha apolisi, ndipo magalimoto opita kumpoto ankayenda pa mdipiti m'mawa, moperekezedwa ndi apolisi a mfuti, chifukwa cha achifwamba amene kumeneko amawatcha mashifita. Msewu wa kumeneko uyenera kufotokozedwa bwino, chifukwa zonse zimene zinatigwera zinachokera pa iwo. Ndi msewu wa miyala ndi fumbi umene malole anaupinda mizeremizere yopingasa, ngati lata lofolera nyumba lopanda mapeto. Ukamayenda pang'onopang'ono, tayala limagwera m'kadzenje kalikonse ndi kukwera kamtumbira kalikonse, ndipo galimoto imagwedezeka mpaka mabawuti kumasuka. Ukathamanga kwambiri, matayala amangokhudza pamwamba pa timitumbirato, kugwedezeka kumachepa, koma galimoto imakhala ngati ikuyandama, chiwongolero chimapepuka, ndipo buleki simva msanga. Pakati pa liwiro lapang'ono ndi lalikulu pali liwiro loipa kuposa onse, ndipo uyenera kudutsamo kuti ufike pa lalikulu.

Popita tinathamanga pamodzi ndi malole. Mbale za m'kabati zinkasweka imodzi ndi imodzi, ndipo a Likongwe ankati, "Iyo ndi ya alendo. Iyo ndi ya Khirisimasi. Injiniya, mukakayankhe nokha kwa amayi kunyumba." Ngakhale mayi Nangozo anamwetulira pang'ono. Tinafika bwino, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti ndinkada nkhawa pachabe.

Marsabit ndi phiri lozizira la nkhalango ndi nkhungu, loima pakati pa chipululu. Kuzizirako n'kumene kunasunga thupi la mnzathu. Kalipentala wa pa mishoni anali atakhoma bokosi la matabwa osapala. Wachipatala amene anasamalira thupilo ananditengera pambali. Anati mankhwala osungira thupi amene anali nawo anali ochepa, ndipo anabaya onse. Anatiuza kuti tifunditse bokosi mabulangeti onyowa, tizinyowetsa pafupipafupi, ndipo tisachedwe m'chipululu. Mawu omalizawo anawabwereza.

M'mawa tinapinda bedi, n'kumangirira bokosi pansi ndi zingwe. Mayi Nangozo anakhala pansi pambali pake, atatambasula miyendo monga amakhalira amayi pa maliro. A Likongwe anathyola nthambi zamasamba n'kuzimanga kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto, kuti aliyense adziwe chimene tanyamula. Pa chipata, wapolisi wotsogolera mdipiti anazungulira galimoto akuseka, n'kufunsa m'Chiswahili ngati tinali ogulitsa miraa, masamba otafuna aja amene amawakonda kumeneko. Titamuuza, anavula chipewa.

"Pole sana, wazee," anapepesa. Kenaka anandiloza ine. "Koma dalaivala, umve. Ife sitiima ndipo sitidikira. Ukaona fumbi lathu latalikira, dziwa kuti uli wekha."

Tinatsika phiri, nkhalango inatha, ndipo tinalowa m'chigwa cha miyala yakuda ndi timitengo taminga. Malata aja anayamba. Ndinaponda mafuta kuti ndidutse liwiro loipa lija. Galimoto inanjenjemera yonse, ndipo kumbuyo bokosi linadumpha n'kumenya pansi. Sindinaiwale kulira kwake. Sikunali kwa matabwa okha, munamvekanso chinthu cholemera chikusuntha m'kati. Mayi Nangozo anakuwa kuti, "Mayo ine!" Phazi langa linachoka lokha pa mafuta.

"Injiniya," anatero a Likongwe motsitsa mawu, "tanyamula munthu. Si matumba a chimanga awa."

Ndakhala ndikuganizira mphindi imeneyo kwa zaka zambiri, ndipo ndimaona kuti munthu wa dziko lina akanangoti pepani n'kupitiriza kuthamanga. Ife sitikanatha. Kwathu galimoto ya maliro imayenda mwaulemu. Wapanjinga amatsika, amuna amavula zipewa, ndipo dalaivala wothamangitsa maliro amakambidwa m'mudzi mpaka atakalamba. Tonse atatu tinakula tikuona zimenezo, ndipo sukulu imene tinaphunzira sinazichotse. Ndinayesa kamodzi kokha.

"Bambo, mdipiti utisiya."

"Mdipiti utisiya, Mulungu satisiya. Yendetsani ngati kwathu."

N'kovuta kuyankha mkulu wa mpingo akatero, pamaso pa mayi wamasiye. Komanso mtima wanga unali kumbali yawo. Mutu wokha ndiwo unkatsutsa, ndipo unali wokha. Malole anatipitirira limodzi ndi limodzi, madalaivala akutiimbira mabelu ndi kutikodola ndi manja. Fumbi lawo linakhala patsogolo pathu kwa kanthawi, kenaka linachepa, kenaka ndinkangoona ngati kautsi kumapeto kwa dziko.

Liwiro laulemulo silinapatse malemu mtendere umene tinkafuna. Bokosi linasiya kudumpha, koma linkagogoda mosalekeza. Chitseko cha kabati chinagwa. Chitofu chinachoka pamalo pake. Dzuwa linakwera, ndipo denga la galimoto linatentha moti sukanaligwira. Tikatsegula mazenera munkalowa fumbi, tikatseka munkakhala ngati mu uvuni. Mabulangeti ankauma msangamsanga. Mayi Nangozo ankawanyowetsa ndi madzi a pa sinki, mpaka nthawi ina anandiitana.

"Alamu, madzi sakutuluka."

Ndinaima, n'kulowa pansi pa galimoto. Paipi ya thanki inali itang'ambika pa mfundo chifukwa cha kugwedezeka. Kumbuyo kwathu, pakati pa msewu, panali kamzere ka madontho kamene kankauma ndikuyang'ana. Tinatsala ndi chigubu chimodzi, cha anthu atatu, injini, ndi mabulangeti. Ndinachigawa m'mutu mwanga, ndipo sichinakwane. Tinagwirizana kuti mabulangeti asiyidwe. Patapita kanthawi ntchentche zinayamba kulowa, m'dziko limene sindinaone chamoyo china chilichonse. Aliyense anadziwa chimene chinaziitana. Palibe anatchula.

Dzuwa lili pamutu tinafika pa mtsinje wouma wa mchenga wokhawokha. Popita tinaudutsa osauzindikira n'komwe, chifukwa liwiro linatikankha. Tsopano tinaulowa mofatsa, ndipo pakati pake matayala a kumbuyo anazungulira pamodzimodzi n'kumira. Ndinayamba kukumba ndi fosholo. A Likongwe anavula jekete ndi tayi, n'kutenga chiwaya m'kabati, n'kugwada mumchenga wotentha.

"Musadzanene ku Runda," anatero akukumba. "Alonda angasiye kundipatsa sawatcha."

Tili mkati mokumba, ndinaona mithunzi iwiri pamchenga. Anali amuna awiri aataliatali, ofunda nsalu zofiira, ndipo mmodzi anali ndi mfuti paphewa. Sindinawamve akubwera. Tinawapatsa moni m'Chiswahili, koma sanayankhe. Wamfutiyo analoza pakamwa. A Likongwe anandiyang'ana, n'kukatenga chigubu chija, n'kuwathirira kapu imodzi aliyense. Anamwa mosafulumira. Kenaka wamfutiyo anayenda mozungulira galimoto, anagwira nthambi zofota zija, anasuzumira pazenera. Anaona bokosi, ndi mayi atakhala pansi akuingitsa ntchentche ndi nsonga ya chitenje. Anayang'ana kwa nthawi yaitali. Analankhula mawu ochepa kwa mnzake m'chinenero chawo, ndipo onse awiri anachoka kutsata mtsinjewo. Mpaka lero sindidziwa ngati anali abusa a ngamila kapena anthu amene apolisi ankatiopseza nawo. Iwo atapita, tinapitiriza kukumba.

Ndinaphwetsa matayala pang'ono kuti agwire mchenga, koma pankafunika chinthu cholimba choti apondepo. A Likongwe anayang'ana m'galimoto yawo imene ankaipukuta okha Loweruka lililonse.

"Chotsani zitseko zonse za makabati," anatero. "Thebulonso."

Tinaziyala pansi pa matayala, zinaphwanyika, ndipo tinatuluka.

Tinafika pa mishoni ya ku Laisamis dzuwa litapendeka. Mdipiti unali utadutsa kalekale. Wansembe wa pamenepo, mzungu wokalamba wolankhula Chiswahili, anatipatsa madzi ndipo anabwera kuti apempherere malemu. Anafika pa chitseko cha galimoto, anaima, anapemphera mwachidule, kenaka anatiitanira ine ndi a Likongwe pansi pa mtengo. Analankhula mosabisa. Mdipiti wina udzadutsa mawa, ndipo thupi silingadikire mawa. Chigawo cha msewu chimene chatsala, kuchokera ku Merille mpaka kufupi ndi Isiolo, n'chimene achifwamba amakonda, ndipo galimoto yoyenda yokha pang'onopang'ono ndi imene amaifuna. Kuseri kwa tchalitchi kunali manda osamalidwa bwino. Anati atipatsa anthu okumba, ndipo mnzathu aikidwa mwaulemu dzuwa lisanalowe.

Sindinapeze cholakwika m'mawu ake. A Likongwe anavula magalasi, n'kuwapukuta kwa nthawi yaitali.

"Mwina Mulungu wasankha malo," anatero. "Sindingaike moyo wa mayiyu pachiswe chifukwa cha munthu amene wapita kale. Ana awo atsala ndi ndani?"

Anapita pa chitseko cha galimoto, ananjuta, n'kuwafotokozera mayi Nangozo mwaulemu wonse. Iwo anamvetsera osawadula. Atatha, anayang'ana ine.

"Alamu, mukathamanga ngati dzulo, tingafike kusanade?"

"Tingafike, galimoto ikapirira. Koma bokosi lidzadumpha kuposa mmene munamvera m'mawa. Ndipo sindingakulonjezeni za anthu a m'tchire."

"M'mawa ndinalira chifukwa sindinayembekeze. Tsopano ndikuyembekeza." Anaika dzanja pa bulangeti louma. "Bambo Likongwe, apongozi anga ali pa mkeka ku Ntcheu, akudikira mwana wawo. Ine ndikawauze kuti tinamusiya kuseri kwa tchalitchi cha eni ake chifukwa tinkamuyendetsa mwaulemu? Ndiponso bambo awa simukuwadziwa kodi? Chikwatirire sanandidikirepo panjira. Popita ku tchalitchi iwo amafika nyimbo yoyamba, ine yachitatu. Lero ndiye ayambe kuyenda pang'onopang'ono?"

A Likongwe anaseka, misozi ikutsika. "Mayi, ndamva."

"Thamangani, alamu. Ine ndiwagwira."

Ndinapopa matayala, ndinamangitsa zingwe, ndinadzaza rediyeta ndi chigubu. Mayi Nangozo anagona chafufumimba pamwamba pa bokosi, manja atakumbatira mbali zonse ziwiri. A Likongwe anachoka pa mpando wa kutsogolo, n'kukakhala pansi kumiyendo kwa bokosi, msana atatsamira chitseko cha kumbuyo, mapazi atakankha matabwa. Wansembe anagwedeza mutu, anatidalitsa, n'kunena kuti ayesa kudziwitsa apolisi pa wailesi.

Ndinaponda mafuta. Liwiro loipa lija linafika, galimoto inalira ngati ikugawanika, bokosi linamenya pansi kamodzi, kawiri, ndipo phazi langa linafunanso kuchoka. Kumbuyo ndinamva mawu a mayi Nangozo, odukaduka ndi kugwedezeka: "Musasiye! Musasiye!" Sindinasiye. Mwadzidzidzi phokoso linatsika, ndipo tinayamba kuyandama.

Za ulendo umenewo ndimakumbukira zidutswa. Chiwongolero chinali chopepuka ngati chosalumikizidwa ku matayala, ndipo pa kona iliyonse kumbuyo kwa galimoto kunkafuna kutsogola. Miyala inkawomba pansi ngati zipolopolo, moti kangapo ndinaweramitsa mutu. Maso anga ankagawanika pakati pa msewu, singano ya kutentha kwa injini, ndi tchire la mbali zonse, m'mene chitsamba chilichonse chinkaoneka ngati munthu wogwada. A Likongwe anayamba nyimbo ya maliro, mawu awo akunjenjemera ngati akuimbira pa chigayo, ndipo sanaisiye.

Titadutsa Merille tayala la kumbuyo linaphulika. Galimoto inapita cham'mbali, ndinailola, ndinaibweza pang'onopang'ono osaponda buleki mpaka inaima yokha. Sindinasinthepo tayala mofulumira chotero m'moyo wanga. Kunali zii, ndipo bata limenelo linkandiopsa kuposa phokoso. A Likongwe anaima pamsewu atagwira sipanala, akuyang'ana tchire, ngati kuti sipanala ikanatithandiza.

Patsogolo pake, pamalo pamene msewu umadutsa pakati pa matanthwe, ndinaona miyala itandandalikidwa mopingasa msewu. Ndinali nditamva kuti achifwamba amatseka njira motero. Ndinali nditaonanso kuti madalaivala a malole owonongeka amaika miyala n'kuisiya pomwepo akachoka. Panalibe nthawi yosiyanitsa. Ndinasankha mpata umene unali ndi mwala waung'ono, ndinafuula kuti, "Gwirani!" ndipo ndinadutsa. Pansi panamveka kuphulika, paipi ya utsi inathyoka n'kutsala pamsewu, ndipo injini inayamba kubangula ngati thirakitala. Sindinayang'ane pagalasi kuti ndione ngati m'matanthwemo munatuluka munthu.

Dzuwa linali litakhudza mapiri pamene ndinaona chipata cha Isiolo. Wapolisi wa m'mawa uja anali pomwepo. Anabwera akulankhula mokweza kuti ankaganiza kuti tabwerera, koma atafika pazenera anasiya kulankhula. Anagwira mphuno, anachita manyazi, anachotsa dzanja, n'kukakweza yekha mtengo wa pachipata osatifunsa pepala lililonse. Matayala atagwira tala, galimoto inangoti phee, kupatula kubangula kwa injini. Ndinaima pambali. Mayi Nangozo sanathe kudzuka okha. Manja awo anali atauma mokumbatira, chibwano chitang'ambika pomenya matabwa, ndipo tinachita kuwamasula zala chimodzi ndi chimodzi.

Ku Nairobi tinapereka thupi ku nyumba ya chisoni ya chipatala china ku Parklands. Kumeneko anachita zimene akanatha, n'kuliika m'bokosi lachitsulo, n'kuliwotcherera, ndi lamulo lakuti lisatsegulidwenso. Mayi Nangozo, ana, ndi a Likongwe anakwera nalo ndege. Ine kuntchito sanandipatse tchuthi china. Ndinatsala ndikuyesa kukonza Mpumulo, koma chimango chake chinali chitang'ambika, ndipo anathera kwa ogula zitsulo. Nyumba yoyang'anana ndi yanga munalowa anthu ena. Ndinakhala ku Donholm zaka zinanso zingapo, ndikudya ndekha Lamulungu, koma mtima wanga unali pansi pa chinthu chimodzi: a Kaphiri tinawafikitsa.

Nditabwerera kwathu ndinapeza ana anga atakula, akundipatsa moni wogwada ngati mlendo wolemekezeka, ndipo abale amene ndinkawatumizira thandizo ankaoneka okhumudwa kuti ndabwera ine m'malo mwa thandizolo. Zimenezo ndinazizolowera. Chimene sindinayembekeze ndi chimene ndinamva kwa mayi Nangozo, nditawapeza ku Zomba kumene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Anati chiikire maliro sanapondenso ku Ntcheu. Abale a malemu anafuna kuona nkhope, ndipo anakanizidwa. Pa mwambo wa maliro a Likongwe anaimirira n'kunena, monga amanenera munthu waulemu, kuti ulendo wonse unayenda bwino ndi mwamtendere. Anthu anafunsana: ngati unayenda bwino, n'chifukwa chiyani bokosi alitseka ndi moto? Mphekesera inakula yakuti thupi linatsala ku Kenya, ndipo m'chitsulomo munali miyala. Apongozi a mayi Nangozo anamwalira akukhulupirira zimenezo. A Likongwe anali atasamukira ku dziko lina.

"Ine sangandimvere," anatero mayi Nangozo. "Ndine mkazi wobwera. Inu mukayese."

Ndinapita. Mkulu wake wa malemu, a Jailosi, ndinawapeza pakhonde akusoka thumba. Anandipatsa mpando, tinalonjerana, ndinadzifotokoza. Sanasiye kusoka.

"Ndiye ndinu a ku Kenya," anatero. "Anzanu anabwera ndi masuti, anatiuza kuti zonse zinayenda bwino. Inunso mwabwera kudzatiuza kuti zinayenda bwino?"

"Ayi, bambo. Sizinayende bwino."

Anaika singano pansi.

Ndinali nditakonza mawu aulemu m'basi monse, koma ndinaona kuti ulemu ndi umene unatifikitsa pamenepa. Ndinawauza zonse monga zinalili. Ndinawauza za mankhwala ochepa, za mdipiti umene unatisiya chifukwa tinkayendetsa mng'ono wawo ngati kwathu, za thanki yong'ambika, za manda a kuseri kwa tchalitchi amene mlamu wawo anawakana. Ndinawauza mmene mayiyo anagonera pa bokosi, ndi mmene tinawamasulira zala. Kenaka ndinanena zimene munthu sanena kwa abale a malemu. Ndinatchula ntchentche. Ndinatchula wapolisi amene anagwira mphuno.

A Jailosi anakankhira thumba lija pambali. Akazi awo, amene ankamvetsera ali pakhomo, anaphimba nkhope ndi chitenje.

"Mukuti mng'ono wanga ananunkha?"

"Inde, bambo. Pepani kwambiri. N'chifukwa chake anatseka bokosi."

"Inu munalimva fungolo? Ndi mphuno yanuyo?"

"Kuyambira masana mpaka ku Nairobi. Zovala zimene ndinavala tsikulo ndinaziwotcha."

Anapuma mozama.

"Munthu wobwera kudzanama sanganene zimenezi pakhomo pa eni ake," anatero. "Ndiye kuti alimo." Anabwereza motsitsa, ngati akuuza munthu wina amene sanali pakhondepo. "Alimo. Zaka zonsezi ali pomwepa, ife osapitako. Manda a amayi timalambula, ake timawalambalala."

Anadzuka movutikira, n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Alendowa agona konkuno. Mawa m'mawa ndikapempha njira ya kumanda kwa amfumu. Mundifunire makasu awiri, ndipo wina apite ku Zomba akawatenge alamu."